Matayala Oonekera Patali

Tayala lachisanu ndi chiwiri linagubuduzidwa mpaka pamapazi pa a Stambuli, nalonso analipukusira mutu.

"Mano ake ndi aang'ono. Bweretsa lina."

Medson, mwini kontena yogulitsiramo matayala kuseri kwa depoti ya Zomba, anapukuta thukuta ndi malaya. Chitsegulireni m'mawa anali asanagulitse ngakhale chigamba cha chubu. Koma kuwathamangitsa akanayambira pati? Ndani mu Zomba muno sawadziwa a Stambuli?

Zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu anali woyeza galimoto. Chida chawo chinali kamtengo ka machesi. Ankakalowetsa chamutu pakati pa mano a tayala, ndipo mutuwo ukaonekera, basi, galimoto yako yalephera. Madalaivala a minibasi a ku Matawale ankabwerekana matayala usanafike mwezi wokayezetsa. A Stambuli anabwezapo ngakhale galimoto ya mlamu wawo weniweni, mlongo wawo ali momwemo. Atapuma pantchito khalidwelo silinapume ayi. Pamaliro, anzawo ali pasiwa, iwo amakhala akuzungulira poimika galimoto, machesi m'manja, kukalipira eni ake. Chuma analibe kwenikweni. Chomwe anali nacho ndi dzina limeneli, ndi pikapu yawo yoyera.

Tsono Loweruka mwana wawo Miriam ankakwatiwa, ndipo madyerero anali pamwamba pa phiri. Mdipiti wa galimoto makumi anayi unali woti udzakwere msewu wokhotakhota uja. Theka la oitanidwawo anali anthu amene matayala awo ananyozedwapo pagulu. Anthu otere saiwala.

"Tsiku limenelo aliyense adzayang'ana matayala anga," anatero a Stambuli. "Akadzangopeza chonena, ndatha ine."

Anali atabwera pakabaza, chipewa chitatsitsidwa mpaka m'nsidze. Akafuna kucheuka ankatembenuka thupi lonse.

Medson anatulutsa lina, lamano akuluakulu. "Ili ndi lamatope, bwana. M'misewu ya m'nkhalango ya paini muja limagwira ngati nkhupakupa."

"Zogwira sindinakufunse."

"Limakhalitsanso. Zaka zinayi osaliganiza."

"Za zaka usandiuze, mphwanga. Likuoneka?"

Medson analiyang'ana tayalalo. Kuoneka linkaoneka ndithu, linali pompo.

"Uli ndi makwerero?"

Abale inu! Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, wa jekete ndi tayi, anakwera pamwamba pa kontena dzuwa lili paliwombo. Atafika anapumira m'mwamba kaye, kenako analamula kuti matayala anayi aimikidwe pabwalo, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Medson anawaimika n'kuwatchinga ndi njerwa. Akabaza anasiya kulimbirana makasitomala. Mayi wogulitsa nthochi anatula dengu kuti aonere bwino.

"Lakumanzere lakumbuyolo likuoneka ngati layendapo! Chotsa!"

"Ndi latsopano, bwana, ndi fumbi chabe."

"Wodutsa adziwa bwanji kuti ndi fumbi? Pukuta!"

Medson anapukuta. Anauzidwa kuti awasunthire patali, anasuntha. Anauzidwa kuti awapake polishi wa nsapato, anapaka. A Stambuli anatsinzina diso limodzi, anayenda chothamanga pamwamba pa malata kuchoka mbali ina kufika mbali ina, maso ali pansi, kontena yonse ikulira. Anabwereza kawiri. Kachitatu anagwedeza mutu.

"Amenewo."

Kunatsala marimu. Medson, amene ntchito yake ankaidziwa, analangiza achitsulo akuda. Akagunda mwala amangopindika, umawawongola ndi hamala n'kupitiriza ulendo. A Stambuli analoza ena onyezimira, ofutukuka, amene amakonda anyamata ongoyamba kumene kulandira malipiro.

"Awo ndi aakulu kwambiri pa galimoto yanu. Tayala lizikhula pokhota."

"Zokhota undisiyire ine."

"Nanga mpweya ndithire wochuluka bwanji? Wa m'tauni kapena wa m'phiri?"

"Mmene ungafunire."

Apa Medson anamva chisoni. Mkulu amene kale ankatsutsana ndi munthu ola lathunthu pa nkhani ya mpweya, lero akuti mmene ungafunire! Koma anamvetsa. Ukwati wa mwana wamkazi umasokoneza mutu. Bamboyu ankafuna kudzatsogolera mdipiti, pikapu ikuwala, adani ake onse akudya fumbi kumbuyo. Kunyada kwa kholo kulibe mlandu. Ndipo mtengo sananenerere n'komwe, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire.

"Galimotoyo mubwere nayo mawa m'mawa, theka la ola ndamaliza," anatero Medson.

"Ayi. Ukamangira komweko, lero lomwe. Uitane takisi, koma dalaivala wake akhale wosalongolola."

Medson sanadabwe. Mwina ankafuna kuti anthu adzangoiona patsikulo. Anaika sipanala m'chikwama, mabawuti atsopano, nsanza. Kenako anawerama kuti anyamule jeke.

"Jekeyo siya."

"Nanga tikaikweza ndi chiyani, bwana?"

A Stambuli anatembenuka thupi lonse kuyang'ana kumanja, anatembenukanso kumanzere. Akabaza anali atabwerera kumsewu. A Stambuli anamukoka Medson pamkono mpaka kuseri kwa kontena, mawu awo n'kutsika.

"Tenga chingwe chachitali ndi nsapato zosaterera. Galimotoyo yagona chagada m'phompho, kunsi kwa khona yachitatu ya msewu wa kuphiri, kuyambira dzulo m'mawa, ndipo okoka galimoto akuti abwera Lolemba. Chifunga chikangoyera, chooneka kuchokera pamsewu ndi matayala anga anayi ali m'mwamba, onse mawaya ali pamtunda."