Geti la Pamtsinje

"Tsegulani getili, bwato langa lidutse!" anakalipa Gresham, msodzi wa ku Kande, akumenya ndi nkhafi waya wotchinga mtsinje.

"Malo ano ndi a loji," anayankha a Kachingwe, manijala wochokera ku Lilongwe.

"Munagula mtunda, osati mtsinje! Lamulo sililola kutseka podutsa mabwato. Kunyanja ndikafika bwanji?"

"Senzani bwatolo pamutu. Mukalowanso muno, mukagona kupolisi."

Sabata yomweyo kumapiri kunagwa chimvula. Zinyalala zinatseka wayayo, mtsinje n'kuboola njira yatsopano pakati pa bala yomwera mowa ya lojiyo.

Gresham anadutsa akupalasa pakati pa mipando yoyandama. A Kachingwe anali atakwera pakauntala.

"Ada, ndinyamuleniko!" anakuwa motero, akumuitana mwaulemu m'chilankhulo cha ku Kande.

"Pepani bwana," anatero Gresham osasiya kupalasa. "Malo ano ndi a loji. Ndingakagone kupolisi."