Kakhadi Kosowa Dalaivala

Kagetsi ka kumbuyo kwa kompyuta kanali chizimire, pamene kutali uko mdzukulu wakhanda wa Bambo ankadikira kuonedwa pa vidiyo.

"Vuto si waya, Bambo," anatero mzime wawo wamkazi, akusuzumira m'chibokosi chotsekulacho. Anali ataikamo pulogalamu yopepuka kuti chikompyuta chokalambacho chiziyenda, koma kakhadi kakale kolumikizira intaneti kanangoti duu. "Kakusowa dalaivala."

Bambo anadzambatuka ngati awaitana dzina. Kuyambira pamene anasiya kuyendetsa basi chifukwa cha vuto la maso, palibe amene anawafunanso.

"Dalaivala uli naye pompano. Galimoto yake ili kuti?"

Mzimeyo anaseka mpaka kutsamira tebulo. "Ayi Bambo, ndi kapulogalamu kothandiza kompyuta kumvana ndi khadi. Ndabwera nako pafulashi." Analowetsa fulashiyo, nalemba timizere pasikirini yakuda, koma chala chinaima m'malere. Anawayang'ana, kenako anawasiyira mpando.

"Bwerani, mulize ndinu."

Bambo anapukuta manja pathalauza, nakokera mpando kutsogolo monga ankachitira m'basi. Anadina batani limene anawalozera.

Zilembo zinathamanga pasikirini. Bambo sanadikire. Anazungulira tebulo, nagwada kumbuyo kwa chibokosicho, mphuno pafupi ndi kagetsi kaja. Kanaphethira kachikasu, kanazimanso, kenako kanayaka kobiriwira.

"Loboti yalola," anatero mwachimwemwe. "Muimbire mlongo wako. Umuuze amusambitse mwanayo, agogo ake anyamuka."