Adokotala Achotsedwa pa Gulupu

"Wandichotsa pa gulupu ndani?" anakalipa Adokotala, mphunzitsi wa pa yunivesite, uku akumenyetsa foni patebulo m'kalasi.

Mtsikana wina, yemwe anali adimini wa gulupuyo, anaimirira.

"Ndine, ndinakuchotsani Loweruka. Munanena nokha kuti gulupuyo ndi yathu ophunzira, tizikambiranapo tokha. Koma munthu akangofunsa funso, mumatumiza mawu ojambula aatali ngati ulaliki, kutinyoza kuti ndife mbuli. Anthu anasiya kufunsa."

"Iwe! Gulupu ndatsegula ine, wondithamangitsa ukhale iwe? Uona polekera!"

Anatuluka thukuta lili kamukamu, ulendo wa kwa mkulu wa dipatimenti kukapempha kuti mtsikanayo alangidwe. Chitseko anangokankha osagogoda.

"Eee, mwafika bwino!" anatero mkuluyo, maso ali pa foni. "Paja munandiika pa gulupu yanu ija kuti ndiziona nawo. Kunena zoona inanditopetsa, ndinasiya kuitsegula kalekale. Lero ndangoti ndisuzumireko. Ana akutsutsana, akutumizirana mabuku, ngakhale amanyazi aja akuyankha anzawo. Inu osalowererapo ngakhale kamodzi! Kudziletsa kotereku si kwa aliyense. Lachisanu mudzawafotokozere aphunzitsi anzanu mmene mwachitira. Koma mumati bwanji? Mukuoneka ngati mwathamanga."

Adokotala anakonza tayi.

"Palibe, bwana," anatero. "Zimenezi zimangofuna kuleza mtima."