Mwala wa mu Impso Yanga

Adokotala anandiikira kabotolo m'manja. Munali tizidutswa totuwa ta mwala umene anauchotsa dzana mu impso yanga.

"Unali ngati chala changa chachikuluchi," anatero. "Makina ophwanyira mwala popanda kuboola thupi sakanautha, n'chifukwa chake tinaboola kumsanako. Koma mwana iwe, madzi unkamwa?"

Ndinayang'ana bulangete. Bambo, amene anasaina pepala la opaleshoni, ankadikira yankho.

"Ayi," ndinanong'ona. "Zaka zinayi kusukulu ndinkangopirira ludzu. Ndinkachita manyazi kukweza dzanja kuti ndipite kuchimbudzi."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Koma Bambo anangotsegula botolo lawo la madzi n'kundigwirira pakamwa ngati khanda.

"Ukapanganso miyala ina, tidzamangira nyumba," anatero, maso ali ofiira.

Ndinamwa onse. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu, m'nthiti simunkabaya.

Patapita kanthawi ndinakweza dzanja, wodi yonse ikuona.

"Anesi, ndikufuna kukakodza!"

Bambo anaomba m'manja.