Lole Ili Pachipata

Lole ya wogula zitsulo zakutha inali itaima kale pachipata, koma a Lindsay anali akadali m'shedi, akupondaponda kiki ya njinga yamoto yomwe anagula asanakwatire.

Akazi awo, a Noeleen, ndiwo anaitana loleyo. Anali atatopa nako kupeza mabawuti m'mbale zawo zophikira makeke.

"Bambo, paja tinapangana. Ikapanda kulira lero, ikupita."

"Pulagi ndasintha, petulo ndathira," anadandaula a Lindsay, thukuta lili kamukamu. Anapondanso. Njinga inangotsokomola, kenako zii.

Wa lole analiza hutala.

A Noeleen anayang'ana amuna awo, mutu uli mbuu ndi imvi, akusisita thanki ngati akutsanzikana ndi galu wodwala. Anavula epuloni.

"Kwerani. Giya yachiwiri. Mukagwa, zanu izo."

A Lindsay atakwera, a Noeleen anaikankha njingayo kutsetsereka ndi kanjira kopita kukhola la nkhosa mpaka masilipasi anavuka. Njinga inanjenjemera, inalavula utsi wakuda, kenako inabangula. Nkhosa zonse balala!

"Nanga ine ndinyamule chiyani, mayi?" anafuula wa lole uja.

A Noeleen sanamumve n'komwe. Ankathamanga chosavala nsapato, akukuwa: "Taimani, nkhalamba inu! Mpando wakumbuyowo ndi wanga!"