Mwamuna wa Zaka 58

Magetsi atathima ku Mabvuku mu Harare, Febbie Chirwa ananyamula laputopu kupita kushopu ya Tatenda, komwe kuli sola ndi intaneti. Febbie amayeza magazi a anthu akufa pofufuza poizoni, ndipo kalata ya nkhani ya akatswiri anzake inkatseka kulandira zolemba tsiku lomwelo. Nkhani yake inali ya bambo wina amene anamwalira atamwa mankhwala opopera mbewu. Potsata lamulo la akonzi, dzina anachotsa, n'kungolemba kuti "mwamuna wa zaka 58".

Pamjigo, pomwe anthu amachezera pamzere wa madzi, panalibe phokoso. Zigubu zokha zinali ndandanda. Pachigubu chomaliza panakhala bambo wovala ovolosi.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Febbie anaima. Mu Harare munthu wosakudziwa amayamba ndi Chishona.

"Ndaswera, kaya inu bambo?"

"Pang'onopang'ono. Koma pomwe mwalemba 58 paja mukonze. Ndi 63. Chitupa ananditengera abwana ku Graniteside, zaka anangoyerekeza."

Laputopu inali chitsekere m'chikwama. Kamphepo kanabwera ndi fungo longa la adyo, lomwe Febbie amalimva kuntchito akatsegula mabotolo a magazi a anthu omwa mankhwala otere.

"Ndikonza, bambo," anayankha chapansipansi.

"Zikomo, mwanawanga. Ndiye palinso pomwe mwati ndinamwa mwadala." Bamboyo anasendera, n'kumusiyira malo pachigubupo. "Musanatumize, takhalani kaye apa. Ndikuuzeni amene anandiphikira tiyi tsiku lija."