Tiyi wa pa Tsiku la Sitala

"Usatchule dzina la matendawo! Uziti Amayi Sitala atichezera," gogo Kesar anadzudzula mpongozi wawo Dhapu, uku akukupiza mdzukulu wawo Gulabi ndi masamba a nimu. Katsabola anali atatuluka thupi lonse la mwanayo, mpaka m'zikope.

Milungutu ili ndi mitima yosiyana, muzichenjera. Ganesha mukamulakwira, maswiti amamuiwalitsa. Koma Sitala, amene amabweretsa zotupa n'kuzichotsanso yekha, amadana ndi kutentha. Pa tsiku lake moto suyatsidwa, anthu amadya zozizira za dzulo. Gogo Kesar ndiwo ankachenjeza mudzi wonse zimenezi. Komatu chaka chino, pa tsiku lomwelo, mutu unawapweteka, ndipo anzawo atapita kukachisi, anayatsa moto mobisa n'kudziphikira katiyi.

"Pali wina anawaputa Amayi Sitala m'nyumba muno," anatero gogo mokweza, osamuyang'ana Dhapu kumaso. "Atsikana a masiku ano simumva."

Dhapu anafinya kansalu konyowa n'kukaika pachipumi pa mwana wake.

"Amayi, tsiku lija ndinapeza phulusa lili lofunda, kapu yanu ili kuseri kwa mtsuko," anatero motsitsa mawu. "Ndinachita mantha. Ndinati thupi lanu lokalambali silingapirire mkwiyo wotere. Ndiye ndinabwerera kukachisi n'kukawauza Amayi Sitala kuti moto ndayatsa ndine, alange ine."

Masamba a nimu analeka kugwedera m'dzanja la gogo.

"Ndiye anakukhulupirira?" ananong'ona.

Dhapu anangoyang'ana zotupa zimene zinali thupi lonse la mwana wake.